Nanga madzi adzadutsa pati?

Chaka chilichonse, a khonsolo ya mzinda wa Blantyre akatulutsa mndandanda wa zomwe achita, ine ndimakhala ndi ganyu yemwe palibe anandilemba: kuwawerengera amayi anga. Maso awo anayamba kukana zilembo zing'onozing'ono, ndiye foni ndimagwira ndine. Timakhala pakhonde kwawo ku Ndirande, iwo akusankha tomato woti alawire naye kumsika, wolimba m'dengu, wofewa m'beseni kuti akamugulitse motchipa asanaphulike, ine ndikutsitsa zithunzi pa Facebook.

Mndandandawo nkhope yake sisintha kwenikweni. Msewu wakutiwakuti authira phula. Kwakutikwakuti aikako magetsi a sola. Shedi ya msika, midadada ya sukulu, mlatho, zimbudzi. Pachithunzi pamakhala a meya atavala tcheni chawo chija m'khosi, akudula kansalu, kumbuyo kwawo makhansala ndi amayi ovina. Sindikunyoza ayi. Zambiri mwa zinthuzi zilipodi, ena mwa misewuyo ndayendamo ndi mapazi angawa. Koma amayi sachita nazo chidwi zithunzi. Ndikawawerengera za msewu watsopano amangokweza mutu pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga madzi adzadutsa pati?"

Kale funsoli linkanditopetsa. Ndinkaona ngati ndi kusayamika kwa anthu akuluakulu, aja oti ukawagulira nsapato amayamba kufunsa mtengo wa polishi. Pano ndikuona kuti ndi funso lomwe aliyense wokhala mu Blantyre amayenera kuyambira.

Tauni yathuyi inakhala pakati pa mapiri. Uku Ndirande, uku Soche, uku Michiru, uko Mpingwe ndi Bangwe. Mvula ikagwa pamwamba pa mapiriwa siima kuti iganize. Imatsetsereka ndi liwiro kulowa mu Nasolo, Mudi, Naperi, Likhubula ndi timakhwawa tina tambirimbiri topanda mayina pa mapu, toti dzina lake amalidziwa ndi anthu okhala m'mbali mwakemo basi. Amishoni a ku Scotland atafika mu 1876 n'kutcha malo ano dzina la kwawo kwa David Livingstone, anakonda mphepo yozizira ndi madzi a m'mapiriwa. Khonsolo ya tauni inayamba mu 1895, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe anaziphatikiza. Misewu ndi ngalande za nthawi imeneyo anazikonzera anthu ochepa, a ku Mandala, Sunnyside, Namiwawa ndi Nyambadwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda muno muli anthu oposa 800,000, ndipo ambiri mwa ife tikukhala m'madera omwe nyumba zinayamba kumera, njira n'kumadzipezera yokha mpata pambuyo. Mbayani, Ndirande, Bangwe, Chilobwe, Kachere, Makhetha. Kumeneku denga la neba limathirira pakhomo pako, lako n'kumathirira kwa wina wakumunsi, mpaka madziwo akapeze khwawa.

Kuseri kwa nyumba ya amayi kuli kakhwawa koteroko. M'chilimwe ndi kangalande chabe, mwana amakalumpha. M'dzinja kamasanduka chinthu china. Kwa zaka zonse za ubwana wanga tinkawolokera pa mitengo iwiri ya bulugamu yomwe anakhomapo matabwa, ndipo matabwawo ankachepa chaka ndi chaka chifukwa wina akasowa nkhuni usiku ankadziwa kokazitenga. Tsiku lina m'Januwale amayi anaterereka pamenepo ali ndi dengu pamutu. Iwo anagwira mtengo, koma tomato yense anapita ku Nasolo. Ndikukumbuka atabwera kunyumba chitenje chili chonyowa, bondo likutuluka magazi, koma chomwe ankalira si bondolo. Unali mpamba wonse wa sabata imeneyo.

Kalavati anabwera patapita zaka zambiri, ine nditachoka kale pakhomo. Nkhani yake inayambira ku komiti ya chitukuko ya m'deramo, inapita kwa akhansala, inakhala, inabwereranso, anthu anayiwala. Kenako m'mawa wina lole inatsitsa mapaipi akuluakulu a konkire atatu, oti mwana wa sitandade 2 n'kuyenda m'kati mwake ataweramitsa mutu pang'ono, ndipo anawo anayendamodi kwa masabata awiri ntchito isanayambe. Anyamata a m'deramo anapeza ganyu yokumba ndi kuponda simenti. Azimayi ankatunga madzi pa kiyosiki n'kumagulitsa kwa kapitawo pa chigubu. Amayi anga, omwe sanaphunzirepo za zomangamanga, ankapita kukaima pamenepo madzulo aliwonse akachoka kumsika, manja ali kumbuyo ngati bwana wa ntchito. Tsiku lina anamuuza kapitawo uja kuti, "Achimwene, khoma lakumtundali mwalifupikitsa. Madzi a kuno sabwera molunjika, amakhota pa mango apo n'kudzamenya mbali iyi." Mkuluyo anaseka, koma mawa lake anawonjezera mizere iwiri ya miyala. Mpaka lero amayi amati khoma limenelo ndi lawo.

Chaka chimenecho nditawerenga mndandanda wa khonsolo, kalavati wathuyo sanatchulidwe dzina. Analowa m'kamzere kamodzi konena za makalavati ndi ngalande m'madera osiyanasiyana. Panalibe chithunzi, panalibe wodula kansalu. Koma taonani zomwe kamzere kameneko kanachita. Wakabaza anayamba kufika pakhomo, kotero amayi analeka kusenza dengu mpaka kumsewu. Wogulitsa makala anayamba kudutsa ndi njinga yake. Mtsikana wa nyumba yachitatu atayamba kumva kupweteka usiku, galimoto inalowa mpaka pakhonde n'kumutengera kuchipatala, pomwe kale akanamunyamula pa chitenje anthu anayi mumdima. Ngakhale maliro anasintha. Bokosi linkawoloka pa matabwa aja anthu atagwira mtima, wina akukuwa kuti "pang'onopang'ono kutsogoloko!" Pano limadutsa pa lole, amayi a chigwirizano akuyimba bwinobwino osayang'ana pansi.

Walira mvula walira matope. Njira itatseguka, njinga zamoto zinayamba kuthamangamo ngati pa Chipembere Highway, ndipo makolo anamanga okha zitunda za dothi kuti ana asagundidwe. Lendi inakweranso. A landilodi ena anawonjezera mwezi womwewo, ati "kuno tsopano kumafika galimoto."

Dzinja lachiwiri kalavati anatseka. Sanagumuke, khoma la amayi lija linaima nji, koma kukamwa kwake kunadzaza. Madzi anasefukira pamwamba n'kulowa m'nyumba ziwiri zakumunsi. Titapita kukaona m'mawa, zomwe tinavuula ndi makasu ndi mafosholo zinali zathu zomwe: majumbo, mabotolo a zakumwa, matewera a ana aja otaya, zisaka zong'ambika, nsapato imodzi, matiresi athunthu. Munthu wina anataya matiresi m'khwawa! Aliyense anaima pamenepo akutukwana "anthu a kumtunda", ngati kuti ifeyo sitili kumtunda kwa wina.

Apa ndiye pamene ndimasiyana pang'ono ndi anzanga a pa intaneti, aja amene pansi pa chithunzi chilichonse cha khonsolo amalemba kuti "mwadya ndalama." Ndimasiyananso ndi aja amene amati vuto ndi umve wa anthu basi. Mayi wa ku Ndirande amene ali ndi thumba la zinyalala m'manja si wopusa. Pakhomo pake palibe malo okumba dzenje, chifukwa paliponse pamene pakanakhala dzenje anamangapo chipinda cha lendi. Galimoto ya zinyalala singalowe m'tinjira tathu topapatizato, ndipo sikipi, chibini chachikulu chotayamo zinyalala, ili kumsika, ulendo wa mphindi makumi awiri. Khwawa lili pafupi, ndipo mvula ikabwera limanyamula zonse mwaulere. Zinyalala zomwe zimatoledwa mumzinda muno zimakathera ku Mzedi, m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, koma zomwe sizinatoledwe zimakathera mu Mudi. Wodutsa pa mlatho uliwonse wa Mudi m'mwezi wa Okutobala safunika kumuuza, mphuno imamuuza yokha.

Malamulo alipo. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Mu Novembala 2020 a Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyambirira tinaona mabwana atavala magambuti ndi magolovesi atsopano akusesa pamalo poyera kale. Sindikudandaula za tsikulo, lingaliro lake ndi labwino. Kungoti tsache la pamwezi silingapikisane ndi jumbo la tsiku ndi tsiku, lomwe amayi anga omwe amaikiramo tomato wa kasitomala aliyense.

Pali chinanso chomwe ndinachiphunzira mochedwa, ndipo ndikuona kuti ambiri timachisokoneza. Si chilichonse cha mumzinda chili m'manja mwa khonsolo. Mpopi ukauma, amenewo ndi a Blantyre Water Board, omwe madzi ambiri amawapopa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire kuwakweza mtunda wonsewo kudzafika kuno, ena n'kumachokera ku damu la Mudi ndi ku Likhubula wa ku Mulanje. Magetsi a m'nyumba ndi a ESCOM. Misewu ikuluikulu yolumikiza mizinda ili ndi a Roads Authority, ndipo Chipembere Highway anaukuza ndi thandizo la dziko la Japan. Palinso ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, zija za CDF, zomwe anthu amazitchula ndi dzina la phungu. Kwa khonsolo kumatsala misewu ya m'madera, ngalande, misika, zinyalala, zimbudzi, manda, ozimitsa moto, magetsi a m'misewu, ndi kuvomereza mapulani a nyumba. Ntchito zosaoneka bwino pachithunzi. Ndani angadule kansalu pa ngalande yomwe angoifukula? Komatu pa nthawi ya kampeni onsewa amasakanikirana. Mlatho umodzi umakhala ndi eni ake atatu, aliyense ati "ndinamanga ndine." Ukagumuka umasanduka wamasiye.

Ndalama za khonsolo nazo timaziyankhula ngati zimagwa kumwamba. Gawo lalikulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, uja timangoti ma city rates, ndiye pali ziphaso za bizinesi, za malo oimika galimoto, ndi matiketi a m'misika. Nkhani ya anthu ndi mabungwe omwe ali ndi ngongole za msonkhowu imatuluka m'nyuzipepala pafupifupi chaka chilichonse, ndipo si anthu osauka okha ayi. Amayi anga sadziwa za ma city rates, koma tiketi ya kumsika amadula tsiku lililonse lomwe ayala tomato, kaya agulitsa kaya sanagulitse. Matiketiwo amawasunga m'chitini cha mkaka wa ufa, sindidziwa chifukwa chake, mwina poopa kuti tsiku lina wina adzawanamizira kuti sanalipire. Chitinicho chikadzaza amayatsira mbaula. Ndikamawawerengera mndandanda uja, ndimadziwa kuti akuwerengera m'mutu mwawo kuti pa zonsezi, za chitini chija ndi ziti. Ndi ufulu wawo kufunsa. Munthu amene walipira kambirimbiri chotere si wopempha.

Achinyamata ena sadziwa kuti panali nthawi yomwe tinalibe ngakhale woti timufunse. Makhansala omwe anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lino linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. Zaka zisanu ndi zinayi mzinda ukuyendetsedwa ndi ogwira ntchito za m'maofesi okha ku Civic Centre ku Chichiri, popanda munthu wa m'dera lanu woti mumugogodere pakhomo. Ndi m'zaka zomwezo, mu 2006, pamene mavenda anachotsedwa m'misewu pa Operation Dongosolo. Makhansala atabwerera mu 2014, a Noel Chalamanda n'kukhala meya, nkhani ya ukhondo ndi kukongoletsa mzinda inamveka kwambiri, maraundabauti anayamba kuoneka maluwa. Ena ankati maluwa sitidya. Ine maluwawo ndinkawakonda, ndisaname. Koma phindu lenileni la kubwerera kwa makhansala silinali pa raundabauti. Linali loti amayi anga anapeza munthu amene amapemphera naye tchalitchi chimodzi, woti akhoza kumuimitsa panja pa tchalitchi n'kumuuza kuti, "Akhansala, matabwa aja atsala anayi." Meya amasankhidwa ndi makhansala anzake, ndipo amakhala zaka ziwiri ndi theka. Ndi nthawi yochepa, ndipo mwina n'chifukwa chake aliyense amathamangira chinthu chooneka msanga.

Magetsi a sola a m'misewu ndi chitsanzo. Atangowaika pamsewu wotsikira kumsika, malonda a usiku anadzuka. Wachipisi, wamazira owiritsa, mayi wa zitumbuwa, onse anasamukira pansi pa mapolo. Atsikana ochokera ku ntchito za m'mashopu ku Limbe analeka kuthamanga akatsika minibasi. Patatha miyezi ingapo, polo imodzi inazima, kenako ina. Akuba anakwera usiku n'kumasula mabatire. Mu lipoti mapolowo amawerengedwabe, chifukwa alipodi, aima chilili. Kungoti mumdima.

Kenako kunabwera 2023, chaka chomwe funso la amayi lija linaleka kukhala loseketsa. Chinayamba ndi kolera. Mliriwo unali utayamba chaka cham'mbuyo, koma pofika Januwale unakula moti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe anachedwetsa kutsegulira, ndipo pamapeto pake unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera ndi nkhani ya madzi omwe adutsa polakwika, kuchoka m'chimbudzi kukalowa m'chitsime. Tisanapume, m'Malichi namondwe wa Freddy anafika. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala ikuluikulu kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko lonse. Msuweni wanga ankachita lendi ku Chilobwe. Anapulumuka ndi ana ake awiri ndi zovala zomwe anavala, anakagona m'kalasi pa sukulu ina kwa milungu ingapo. Nditapita kukamuona anandilozera pomwe panali nyumba yake, ndipo panali mwala waukulu ngati minibasi. Sindinapeze choyankhula.

Pambuyo pake aliyense anasanduka katswiri. Ena ankati anthu anamangiranji m'phiri. Koma munthu sakwera phiri ndi njerwa pamutu chifukwa chokonda mphepo. Amakwera chifukwa kumunsi malo ndi odula, ndipo kumtundako wina anamugulitsa kapuloti motchipa, wina anasaina, wina anayang'ana kumbali. Mitengo ya m'mapiriwa tinaimaliza tokha. Akuluakulu amakumbuka phiri la Ndirande lili ndi nkhalango ya paini yoti masana munkachita mdima, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1990 anthu akuona. Ntchito yoletsa munthu kumanga pamalo oopsa siikondweretsa aliyense, siipatsa mavoti, ndipo singalembedwe bwino pa mndandanda wa zomwe zachitika. Mungalembe bwanji nyumba yomwe sinamangidwe, ndi banja lomwe silinafe?

Kalavati wathu anapirira Freddy. Madzi anadutsa pamwamba pake kwa masiku awiri, anakokolola dothi la mbali imodzi, koma mapaipi ndi khoma lakumtunda lija zinatsala. Amayi sananene kanthu. Anangopita kukaima pamenepo mvula itakata, manja kumbuyo.

Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, osati Julayi mpaka Juni ngati kale. Anasintha pa zifukwa zawo za bajeti, koma ine zinandikomera pa chifukwa china. Chaka chimatseka mvula itangomaliza kuyendera ntchito zonse. Phula wopyapyala amakhala ataonekera, maenje atatseguka, ngalande yomwe anaikumba mwachinyengo itagumukira mumsewu, ndipo yomwe anaimanga bwino ili phee. Ndikanakonda mndandanda wa chaka uzikhala ndi mbali yachiwiri: pa zomwe tinatsegulira chaka chatha ndi dzana, zomwe zikugwirabe ntchito ndi izi. Mapolo oyaka ndi angati, osati oimikidwa. Zimbudzi za kumsika zomwe zili ndi madzi ndi zingati. Ndinayesa kunena zimenezi pa msonkhano wina wa m'dera, pansi pa mtengo wa mango uja. Anthu anawomba m'manja, kenako tinapitiriza kukangana za yemwe alowe mu komiti.

Amayi anandiseka pobwerera. "Iwe umafuna pepala lina pamwamba pa pepala," anatero. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiye ukaone."

Anandipititsa pa kalavati. Kunali kutagwa mvula usiku, ndipo m'khwawamo munali bambo wina wachikulire wa nyumba yakumunsi, mmodzi mwa aja madzi anawalowera chaka chija. Anali atapinda buluku mpaka m'maondo, m'manja ali ndi chitsulo chachitali chopinda kumapeto, akukoka majumbo kukamwa kwa paipi yapakati n'kumaponya pamtunda. Amayi anati amachita zimenezi m'mawa uliwonse mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo palibe amamulipira.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" amayi anafunsa.

"Tadzuka, mayi. Lero zachepako, ndapeza thewera limodzi lokha."

Mulu wa zomwe anavuulazo unali pambali pa njira, ukudontha. Ndinawafunsa kuti akazitaya kuti. Anayang'ana muluwo, anayang'ana kumtunda komwe mitambo inali itayambanso kuda pa phiri la Ndirande, n'kundifunsa ngati ndabwera ndi galimoto.